Yambani ndi khonde, mpanda ubwere pambuyo

Msuweni wanga atamaliza kumanga nyumba yake ku Lilongwe, anandiimbira foni kuti ndikaione. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, n'kuima pageti lachitsulo ndikugogoda ndi kamwala ngati wogulitsa makala. Kukuwa kuti "odi" kunalibe phindu, chifukwa mawu a munthu sawoloka mpanda wotalika kuposa munthu, wokhala ndi mabotolo oswa pamwamba. Mpaka ndinachita kumuimbiranso foni. Atanditsegulira ndinaona zimene maso anga azolowera masiku ano: mpanda wa pulasitala mbali zonse ziwiri, penti wowala, nyali pamwamba pa geti, koma nyumba yeniyeniyo ili njerwa zokhazokha. Ukangotsegula chitseko, pali kasitepe kamodzi, kenaka dothi. Tinakhala pabalaza pang'ono, thukuta lili kamukamu, mpaka mwiniwakeyo ananena kuti titulutse mipando tikakhale kuseri, pamthunzi wa mpanda, moyandikana ndi dzala.

Nditamufunsa za khonde anaseka. "Asuweni, khonde ndi zam'tsogolo. Ndalama yonse inathera kumpandaku."

Sindikumunena iye yekha. Yendani ku Area 49, ku Area 25, ku Chileka, ku Machinjiri, ku Mchengautuwa, mukaona zomwezo m'mapuloti atsopano. Tagwirizana, popanda wotiuza, kuti nkhope ya nyumba ndi mpanda, ndipo munthu akafuna kuti pakhomo pake paoneke bwino amayamba wafunsa mtengo wa geti. Ine ndikuti tasokoneza ndondomeko. Chimene chimakongoletsa pakhomo, n'kutetezanso nyumbayo, ndi khonde ndi kabwalo kamene kali patsogolo pake. Ngati ndalama ili yochepa, ndipo kwa ambiri a ife ndi yochepadi, iyambe yagwira ntchito pamenepo.

Amene tinakulira kumudzi tikudziwa kuti agogo athu sankamanga nyumba yopanda khonde. Denga laudzu linkatsika n'kupitirira khoma, n'kukakhala pansanamira zozungulira nyumba yonse. Pansi pake ankakwezapo dothi n'kulipondereza, ndipo amayi ankazira ndi mtsiro n'kusalaza ndi mwala mpaka pakhondepo pankanyezimira. Khirisimasi ikamayandikira, atsikana ankapita kudambo kukasaka dothi lakuda, ena lofiira, ena loyera, n'kulemba mizere ndi maluwa m'munsi mwa khoma. Panalibe wogula penti, koma mlendo ankatha kudziwa nyumba ya mayi waukhondo ali chapatali. Pakhonde pomwepo ndi pomwe ankasankhirapo nyemba, kusenda mbatata, kuluka tsitsi, kuyanika ufa mvula ikawopseza. Ankhoswe akabwera kudzakamba nkhani ya banja, ankawayalira mphasa pomwepo. Wodwala akayamba kupeza bwino, chizindikiro choyamba chinali chakuti watuluka, wakhala pakhonde.

Angerezi amene ankaderera zambiri zathu, khonde sanaliderere. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene a kampani ya African Lakes anamanga mu 1882, ili ndi khonde lalikulu ndipo ikadaimabe mpaka lero. Nyumba zakale za boma ku Zomba ndi chimodzimodzi. Ngakhale liwu lenilenilo analitenga: mpaka pano, wotsatsa nyumba m'Chingerezi kuno kwathu amalemba kuti ili ndi "khonde", ndipo azungu okhala kuno amalitchula choncho osaona chachilendo. Alendo anaona nzeru imene eni ake tikuitaya.

Nzeruyo ndi yokhudza madzi, osati maonekedwe okha. Mvula yathu imagwa yambiri m'miyezi yochepa, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo nthawi zambiri imabwera ndi mphepo. Madzi ochoka pamalata akagwera pafupi ndi khoma, amathovukira m'munsi mwa khomalo ndipo amakumba kangalande m'mphepete mwa maziko. Chaka choyamba simuona kanthu. Chaka chachitatu penti wa m'munsi wayamba kufufuma, pulasitala akugwa, m'chipinda mukununkha chinyontho, zovala za m'sutikesi zachita nkhungu. Ngati nyumbayo ndi ya zidina, kapena ya njerwa zowotcha koma zomangira matope, monga zilili nyumba zambiri m'makwalala athu, khoma limayamba kudyeka kuchokera pansi mpaka tsiku lina usiku limangokhala pansi. Kamuzu ankakonda kunena kuti munthu aliyense akhale ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, ndipo tonse tinamva za denga. Koma nyumba zambiri zimene ndaziona zitagwa sizinayambire kudenga. Zinanyowa mapazi. Khonde lokwera bwino, lopendekera kunja pang'ono, lokhala ndi denga lotalika, limatengera madziwo kutali ndi khoma. Ntchito imeneyi mpanda sungaigwire ngakhale utakhala wokongola chotani.

Dzuwa nalonso ndi nkhani. Khoma limene lawombedwa ndi dzuwa masana onse a Okutobala limasunga kutentha n'kumakutulutsa usiku, n'chifukwa chake ena timagona zitseko zili pululu ngakhale tikuopa akuba omwewo. Khoma limene lili pamthunzi wa khonde silitentha choncho. A ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Salima ndi ku Karonga safunika kuuzidwa zimenezi. Ndipo magetsi akazima, monga amachitira, fani imangokhala chokongoletsa, koma mthunzi sufuna mayunitsi.

Ndikudziwa chimene ambiri akuyankha mumtima: akuba. Sindingakane. Ndinaberedwapo, ndipo ndikudziwa mmene mtima umagundira ukamva chitseko chikutekenyeka pakati pa usiku. Munthu amene wagula njinga yamoto pangongole, kapena mayi amene amakhala yekha ndi ana, sangamvere nkhani ya mthunzi ndi mphepo yabwino pamene akuganiza za zikwanje. Kufuna mpanda si uchitsiru.

Koma tiyeni tiunene mpandawo moona. Mpanda wautali wosaonekera mkati umabisa mwininyumba kwa wakuba, inde, koma wakubayo akangodumpha umamubisanso iye kwa dziko lonse. Amagwira ntchito yake mosatekeseka, woyandikana naye nyumba osaona kanthu, wodutsa mumsewu osaona kanthu. M'makomboni akale a Malawi Housing Corporation, monga ku Kanjedza, ku Chitawira, ku Nkolokosa kapena ku Area 18, mmene nyumba zinkangolekana ndi kampanda ka maluwa, mlendo wachilendo sankayenda mtunda asanafunsidwe kuti akufuna kwa ndani. Agogo wokhala pakhonde ndi mpando wa ndalema anali mlonda wa mzere wonse, wosalipidwa. Lero m'madera amene aliyense wadzitsekera, anthu amakhala zaka osadziwa dzina la woyandikana naye, ndipo ukakuwa usiku aliyense amangozimitsa nyali n'kumvetsera. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, amatero akulu, koma uzimira bwanji ndevu zimene sukuziona?

Palinso china chimene sitikonda kuchikamba. Mipanda yambiri imene tikumanga ndi yoopsa kwa eni ake omwe. Pofuna kupulumutsa ndalama, munthu amamanga khoma la njerwa imodzi, lalitali, lomangira matope, lopanda nsanamira zolimbitsa, lopanda timabowo totulutsira madzi m'munsi. Mvula ikagwa, madzi amadikha kumbuyo kwake ngati damu, ndipo khomalo limagwa. Dzinja lililonse timamva za mpanda umene wagwera nyumba ya woyandikana naye kapena ana amene amasewera m'mphepete mwake. Mpanda wolimba ndi wodula kwambiri, woti anthu ochepa okha ndi amene angaukwanitse. Wotchipawo ndi msampha. Tiwonjezere apa kuti njerwa zonsezo zimawotchedwa ndi nkhuni. Boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga zake ndi zamalonda kuyambira mu 2018 chifukwa cha kutha kwa mitengo, koma ife m'mapuloti mwathu tikuwotchabe mauvuni athunthu kuti timange khoma lotchinga nyumba imene sitinaimalize. Mpanda wa mbali zinayi za puloti ukhoza kudya njerwa zokwana kumangira nyumba ina yaing'ono.

Amene sangagone popanda chotchinga ali ndi njira zina. Khoma lalifupi lofika m'chiuno, pamwamba pake zitsulo zoonekera, limaletsa mbuzi ndi wodutsa wamba koma silibisa chigawenga. Mpanda wa mitengo yobzala umakula wokha, sugwa ndi mvula, ndipo ukauduladula bwino umaposa penti aliyense. Nkhadze yokha ndiyo ndingachenjeze pakhomo pamene pali ana, chifukwa utomoni wake ukalowa m'maso ndi nkhani ina. Ndalama yotsalayo ilimbitse zitseko ndi mawindo, kumene wakuba amaloweradi, ndipo babu limodzi la sola pakhonde limachita zambiri kuposa mabotolo oswa.

Ndiye pali ena amene khonde amamanga, koma lojambulitsira. Mwaziona nyumba zimenezi: nsanamira ziwiri zonenepa ngati za kubanki, matailosi oterera, koma kuchoka pakhoma kufika kumapeto ndi mita imodzi yokha. Ukaika mpando, mawondo ali padzuwa. Mvula ikabwera, yonse imathera pachitseko, ndipo matailosiwo akanyowa amagwetsa agogo. Chikomekome cha nkhuyu. Khonde loona liyenera kulandira mkeka woyala bwino ndi munthu wodutsa m'mbali mwake, ndiye kuti pafupifupi mamita 2. Pansi pake simenti wamba wosalaza ndi wokwanira. Amene amakonda wofiira uja wopaka polishi wa Cobra Loweruka m'mawa, ameneyo ndi mnzanga, chifukwa palibe tailosi imene imandikumbutsa kwathu ngati fungo limenelo. Koma ndi nkhani ya mtima chabe imeneyo.

Zofunika kuzisamala pomanga ndi zochepa, ndipo mmisiri wabwino amazidziwa ngati mwamulola kulankhula. Khonde loyang'ana kumadzulo limalandira dzuwa lamadzulo lonse kumaso, choncho limafuna mtengo patsogolo pake, apo ayi palibe adzakhalepo kuyambira 2 koloko. Ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene chiperoni chimabwera ndi kamvula kowaza kuchokera cha kumwera chakum'mawa, ndi bwino kuganizira mbali imene mphepo imachokera. Nsanamira zamitengo zisakwiriridwe m'dothi. Zikhale pamwala kapena pasimenti, chifukwa chiswe sichichedwa. Chachikulu kwambiri ndi mphepo yamkuntho. Denga la khonde ndi lotseguka pansi, mphepo imalowa n'kulinyamula ngati ambulera, ndipo ngati lalumikizidwa ndi denga la nyumba ngati chinthu chimodzi, likamapita limatenga lonse. Pambuyo pa anamondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, palibe amene angati mphepo zotere ndi zakunja. Denga la khonde likhale lakelake, lomangiriridwa ndi waya kapena zitsulo kunsanamira, kuti zikavuta lipite lokha. Apa ndiye pamene ndingavomere kuti khonde lomangidwa mosasamala likhoza kuwononga nyumba m'malo moiteteza.

Tsopano titsike pakhondepo tiponde pabwalo, chifukwa apa ndi pamene ndikangane ndi amayi anga omwe. Tinaleredwa kuti pakhomo paukhondo ndi posesedwa mpaka mizere ya tsache kuoneka, popanda ngakhale kaudzu kamodzi. Chifukwa chake chinalipo ndipo n'chomveka: pabwalo loyera njoka imaonekera patali, ndipo moto wolusa sufika kudenga laudzu. Koma taonani nyumba imene yasesedwa m'mawa uliwonse kwa zaka 20. Bwalo latsika, maziko ali pamtunda, mizu ya mango ili poyera, ndipo sitepe imene inali imodzi pano yafunika ziwiri. Dothi lonselo tinalisesa tokha n'kulitaya kudzala, lotsalalo mvula inakokolola. M'tauni, mmene mulibe moto wa tchire, kusesa kotereku kwatsala mwambo chabe umene ukudya puloti. Kapinga wometedwa mwafupi amagwira dothi, amachepetsa fumbi la mu Seputembala, ndipo njoka sikonda udzu waufupi. Posesa pakhale kanjira kochokera kumsewu kufika pakhonde, koikidwa miyala kapena zidutswa za njerwa zotsala pomanga.

Anzathu opeza bwino apita mbali ina: amathira simenti bwalo lonse, kuchokera pageti mpaka kuseri, osasiya ngakhale poti nkhuku ipalase. Pamaoneka paudongo, sindikana. Koma madzi a padenga ndi a pabwalo lonselo alibe polowera pansi, ndiye amatulukira pa paipi imodzi kupita kumsewu, n'kukalowa m'nyumba ya amene ali kumunsi. M'mizinda yomangidwa m'mapiri ngati Blantyre, zimene wa kumtunda wachita pabwalo pake, wa kumunsi ndi amene amazilipira. Sindikunena kuti simenti ya pabwalo ndi imene inagwetsa matope a m'phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe nthawi ya Freddy. Tsoka limene lija linali lalikulu kuposa pamenepo. Ndikunena za kusefukira kwa chaka ndi chaka kumene sikulembedwa m'nyuzipepala, kwa mayi amene amakhalira kukapa madzi m'nyumba ndi beseni chifukwa choti wina kumtunda anafuna kuti galimoto yake isaponde matope.

Mtengo umodzi pamalo oyenera umasintha pakhomo kuposa chilichonse chogula m'sitolo, ndipo mbande ndi yotchipa kuposa chitini cha penti. Nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala chaka chilichonse, ndipo timaonera akuluakulu pa TV akubzala m'mapiri, ife pakhomo pathu pali mbee. Mango, peyala, gwafa, ndimu: mthunzi womwewo, zipatso zomwezo. Cham'mwamba chimakula msanga ndipo masamba ake ndi ndiwo. Koma mtengo waukulu utalikirane ndi khoma ndi dzenje la chimbudzi, ndipo bulugama ndi malaina zisiyeni kumunda, chifukwa mizu yake siicheza ndi maziko. Amene akuopa kuti masamba adetsa pabwalo, ndiwafunse kuti kodi fumbi ndi loyera?

Pali malo ena amene tonse timawaona ngati a boma: kampata ka pakati pa mpanda ndi msewu, pamene pamadutsa ngalande. Kuno ndiye kumene mpanda waononga khalidwe lathu kwambiri. Munthu akangodzitsekera, zonse za kunja kwa geti si zakenso. Mkati muli maluwa, kunja kuli mulu wa matewera, majumbo ndi madzi ochapira akuda amene iye yemwe akutulutsa pa kabowo ka mpanda. Pamene anthu ankakhala pakhonde loyang'ana kumsewu, zinyalala zimenezo zinkakhala pamaso pawo tsiku lonse, ndipo manyazi okha ankawanyamulitsa khasu. Mu Novembala 2020 boma linakhazikitsa tsiku loyeretsa m'dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ganizo linali labwino, koma ukhondo wa tsiku limodzi pamwezi sungapose wa munthu amene amaona ngalande yake m'mawa uliwonse akumwa tiyi. Ndipo kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, inatikumbutsa kuti madzi oipa a kunja kwa geti sadziwa malire a puloti.

Wina anena kuti zonsezi ndi za eni nyumba, pamene ambiri m'tauni ndi a lendi. N'zoona kuti wa lendi sangamange khonde, ndipo alandilodi ambiri akamva za kukonza amangomva kuti lendi ikwere. Komabe pali zimene ndaona anthu a lendi akuchita ku Ndirande ndi ku Kawale zimene zimaposa za m'mayadi: maluwa obzala m'zitini za penti ndi m'mabaketi obooka, atandandalikidwa m'mphepete mwa khoma, kangalande kokumba ndi khasu kopatutsa madzi pachitseko, miyala yopaka laimu m'mbali mwa kanjira, thandala la mbale lomangidwa mowongoka, osati lopendama ngati laledzera, chingwe choyanikira zovala chosamutsidwira kumbali kuti mlendo asachite kuwerama pansi pa zovala zamkati pofika pakhomo. Tsiku losamuka, zitini zija zimakwera nawo lole. Kwa alandilodi ndingonena kuti kakhonde ka malata anayi kamateteza khoma lanu lomwe, ndipo pulasitala amene simudzabwezeretsa zaka zikubwerazi ndi ndalama yanu.

Kuyambira pamene Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la simenti lasanduka chinthu choganizira kawiri, ndipo ambiri akumanga pang'onopang'ono, mwezi uno malata, mwezi wamawa chitseko. Pomanga motere, chimene wayamba nacho ndi chimene ukhale nacho zaka zambiri, ndipo chimene wati "cham'tsogolo" kawirikawiri sichifika. N'chifukwa chake ndondomeko ili nkhani yaikulu. Woyamba ndi mpanda amakhala zaka zisanu m'nyumba yotentha, yonyowa m'munsi, akulandirira alendo kuseri. Woyamba ndi khonde amakhala zaka zomwezo pamthunzi, khoma lili louma, mpanda wa mitengo ukukula wokha, ndipo pofika nthawi imene ndalama ya njerwa yapezeka, mwina aona kuti sakuufunanso wautali choncho.

Msuweni wanga uja dzinja lapitali linamuphunzitsa zimene ine ndinalephera. Madzi a pamalata anakumba m'mphepete mwa khoma lakumaso mpaka mwala wa maziko kuonekera, ndipo mayi a kunyumbako anatopa ndi kukolopa matope olowa pachitseko. Mwezi wathawu anandiitananso, ndipo ndinamupeza ali ndi mmisiri, akukangana za kukula kwa khonde. Mmisiri ankati mita imodzi ndi theka ikwana, malata asachuluke. Ndinapempha mlamu wanga kuti atibwereke mkeka. Tinauyala pansi patsogolo pa chitseko, ine n'kukhalapo, miyendo n'kutambasula, ndipo ndinauza mmisiriyo kuti akhome chikhomo chake kutsogolo kwa zala zanga, awonjezereko podutsa munthu wonyamula thireyi ya tiyi.